Chaka Chimene Tinkaopa Chimanga Chobiriwira

Amene anauza mudzi wonse kuti usathire feteleza ndi ababa. Ndiyambire pamenepa, chifukwa anthu akwathu akamakamba nkhaniyi amayambira pa ine, ngati wa mutu wozungulira ndinali ine ndekha.

Chaka chimenecho ndinali Fomu 2 pa sekondale yoyendera, kwathu ku Lukwa. Mvula ya chaka cham'mbuyo inatithawa chimanga chitangomasula, ndiye dzuwa la Okutobala linapeza nkhokwe zitayera kale. Fodya tinali naye m'munda, koma fodya sadyedwa, ndipo ndalama yake imabwera okushoni ikatsegulidwa, njala itakupinda kale. Chimene chinkatisunga chinali chakudya chochokera kunja: chimanga, nandolo, kabotolo ka mafuta, ndi ufa wa soya wa phala la ana. Lole inkabwera kamodzi pamwezi pabwalo la pulayimale. Anthu a ofesi yogawa chakudyacho tinkangowatchula kuti oyeza mikono, chifukwa ankayenda ndi kalamba kamitundu komwe ankakulunga pamkono wa mwana. Kalongo kanga, kamzime ka amayi, kanali ndi mkono ngati phesi. Atakayeza anayang'anizana, basi banja lathu linalowa. Sitinkanyadira, koma tonse tinkadyera mkono umenewo.

Khirisimasi itayandikira, wailesi inanena kuti boma lasamutsa ntchito yogawa chakudya. Yachoka kwa oyeza mikono, yapita ku ofesi ya zaulimi, komwe kunkachokeranso makuponi a feteleza. Mwezi umenewo lole sinabwere. Amene anapita ku boma anabwera ndi mawu akuti maofesi awiriwo adakali kupatsana makiyi a nyumba yosungira matumba, ndipo wina akudikira kuti mnzake asaine kaye.

Ababa ndi munthu woganiza kwambiri. Vuto lawo ndi lomwelo. Tsiku lina amuna atakhala m'chigafa mwathu kusoka fodya, ine ndikuwapatsira masamba, ababa anaika singano pansi.

"Anthuni, mwaganizapo bwino? Aja ankayang'ana mikono ya ana. Awa sadziwa mkono. Awa amadziwa munda. Akabwera sadzalowa m'nyumba, adzaima pamzere. Akadzaona chimanga chakuda bii, adzati uyu tinamupatsa kale kuponi, asadye kawiri."

"Ndiye titani, alamu?" anafunsa mwamuna wina.

"Wokulitsa tinathira kale, uyo sitingamufukule. Koma wobereketsa ayambe wadikira. Abwere, aone chimanga chachikasu, atilembe. Akangotembenuka, ife tithire."

Palibe amene anaseka. Ine ndinayembekezera kuti wina aseka, koma onse anangogwedeza mitu. Ababa ndi mkamwini pamudzi pathu, anachokera kumpoto kwa boma, ndipo mawu a mkamwini nthawi zambiri amangodutsa ngati mphepo. Tsiku limenelo anawamvera. Ndinaona mmene anawongolera msana. Pofika Lamlungu mudzi wonse unali utabisa feteleza, ena pansi pa bedi, ena kukhola. Wathu anali theka la thumba, chifukwa kuponi tinagawana ndi amayi aakulu, akulu awo a amayi, amene nyumba yawo ili moyang'anana ndi yathu ndipo mawu awo pamudzi salephera. Ababa anasoka thumbalo pakamwa n'kuliika m'nkhokwe. Ndicho chokha chinali m'menemo.

Mvula inkagwa bwino chaka chimenecho, mvula yoti ukaimva usiku umamwetulira. Chimanga chinafika m'mawondo, chinayamba kufuna m'chiuno, kenako masamba am'munsi anayamba kuchita chikasu. A zaulimi osabwera. Sabata inatha, ina inalowa. Ababa m'mawa uliwonse ankaima pamsewu kumvetsera njinga yamoto.

Tsopano za ine. Pamudzi ankandidziwa kale. Chinthu chikasowa n'kukapezeka malo osayenera, sankafunsa kawiri. Nsapato ya mkulu wa ophunzira inapezeka itamangidwa pa belu la sukulu. Duku la amayi aakulu linapezeka litavekedwa mbuzi yawo yomwe. Sindinkaba, ndinkangosamutsa. Ndiye ndikanena kuti ndinatenga feteleza uja chifukwa aphunzitsi a zaulimi anatiuza kuti wobereketsa akachedwa amakhala wotaya, ndikhala ndikunena zoona, koma theka. Theka linalo n'lakuti ndinkafuna kudzaona nkhope ya ababa.

Lamlungu lina ndinatsala pakhomo kulera kalongo kanga, ena onse atapita kutchalitchi. Ndinakwera m'nkhokwe, ndinatembenuza thumba, ndinasula msoko wapansi. Feteleza ndinamukhuthulira m'thumba lina, ndinakamukwirira ndi pulasitiki pachulu cha kumunda. M'thumba la ababa ndinathiramo mchenga wa kumtsinje, wouma, wosefa bwino. Ndisanasoke, ndinaona chipewa cha ababa chili pamsomali. Chipewa chimenecho sichinali wamba. Chinali chopitira ku okushoni ndi kumaliro a anthu akuluakulu. Ndinachipinda, ndinachilowetsa pakati pa mchenga, n'kusoka ndi singano ya fodya. Msoko wanga ndi wabwino, aliyense amavomereza. Madzulo ake ababa anafuna chipewa mpaka kukhola, anakalipira mbuzi, anakalipira amayi, anandiyang'ana ine. Ndinawathandiza kufuna.

Kuyambira Lolemba ndinkadzukira kusukulu kudzera kumunda. Kamtengo koboolera, kachitsekerero ka botolo, boola, thira, kwirira. Ndinayambira kumapeto, kutali ndi njira, mizere ingapo tsiku lililonse. Kusukulu ndinkafika mochedwa, manja akununkha yureya, ndipo ndinakumba dzenje la zinyalala sabata yonse ngati chilango. Ndinkakumba ndikuimba.

Kuimba kunatha tsiku limene chimanga chinayankha.

Sindinaganizepo kuti feteleza amaoneka chonchi pamene minda yonse yozungulira ili yachikasu. Mizere ya kumapeto inada. Patapita masiku, ina yoyandikana nayo inadanso. Kubiriwirako kunkayenda, kuchokera kuchulu kulunjika kunjira, ngati chinthu chamoyo chimene chikubwera kunyumba kwathu. Ababa anabwera kuchokera kumunda osagwira khasu bwino. Anakwera m'nkhokwe, ananyamula thumba, analisisita, anayang'ana msoko wawo wapakamwa. Unali momwemo.

"Mayi ake ana, thumba lili chisokere."

"Nanga chimanga chadya chiyani?"

"Ndikufunsa inu."

"Mukufunsa ine? Ine ndimachoka pano? Mwanayu ndimusiyire ndani?"

Apo m'pamene ndinayang'ana mwanayo bwinobwino, mwina koyamba m'masabata angapo. Ufa wa soya unali utatha kalekale. Tinkadya gaga wa kuchigayo ndi nkhwani, ndipo mimba yake inkakana gaga. Tsitsi lake linali litafiira, lofewa ngati ndevu za chimanga. Amayi anadinda chala paphazi pake, ndipo atachotsa, kadzenje kanatsala. Kanakhala pomwepo, osabwerera. Amayi anayang'ana kadzenjeko, kenako anaphimba phazilo ndi nsalu.

Nkhope ya ababa imene ndinkaifuna ija ndinaiona, ndipo sinali yoseketsa. Ndinayamba kuwerengera m'mutu mwanga njira imene ababa anawerengera m'chigafa muja, ndipo ulendo uno inamveka yanzeru. Akabwera a zaulimi. Akaima pamzere. Akaona munda umodzi wakuda pakati pa minda yachikasu. Ndiye lole ikabwera, dzina lathu palibe. Ndiye phazi lija.

Ndinaganiza zosiya. Koma munda wa theka lakuda theka lachikasu ndi woopsa kuposa wakuda wonse, ndipo feteleza wotsala akanasungunuka pachulu. Ndinamaliza. Ndinkathira ndikumvetsera njinga yamoto ngati ababa. Ndinafika mpaka poyesa kupemphera kuti mbozi zigwe m'munda mwathu, zidye masamba pang'ono chabe, osati mtima.

Anthu sanachedwe kuona. Pa mjigo amayi ankasiya nkhani ine ndikafika. Mtsikana wina amene tinkayendera limodzi kusukulu anayamba kudzera njira ina. Amuna anasiya kubwera kudzasoka fodya m'chigafa mwathu. Mawu anali awiri. Ena ankati mkamwini uja watipusitsa, watiuza tidikire iye akuthira mobisa, kuti iye yekha adzakolole ife tidzamugwirire ganyu. Ena ankanena motsitsa mawu kuti thumba lake akuti lidakali chisokere, ndiye chimanga chodya popanda feteleza chikudya chiyani, ngati si minda ya anzake. Kwathu munthu akayamba kutchulidwa kuti ndi wokhwima, sipafunika umboni. Ababa ankadutsa, anthu n'kumakoka ana awo.

Amayi aakulu anabwera okha, anaima pabwalo osalandira mkeka.

"Alamu, munda wanga wafanana ndi nthochi yakupsa chifukwa cha pakamwa panu. Wanu ukuchita kunyezimira. Mundiuze bwino."

"Alamu, ine sindikudziwa."

"Simukudziwa. Munda wanu, pa nthaka ya amayi anga, simukudziwa."

Ndinali kuseri kwa khitchini ndikutsuka mbale yotsuka kale. Mukhoza kufunsa chifukwa chake sindinatuluke. Sindinatuluke chifukwa ndinkaopa, basi. Komanso kunena sikukanabweza chikasu m'munda.

Njinga yamoto inamveka Lachinayi lina, dzuwa lili pamutu. Sinali yokha. Kumbuyo kwake kunali galimoto yoyera. Pa njinga panali alangizi a dera lathu, bambo wochepa thupi amene tinkamudziwa, ndipo m'galimoto munatuluka mayi wa ku ofesi ya ku boma ndi mlendo wina wa chipewa chachikulu, wochokera kwa eni chakudya. Ine ndinathawa phunziro la masamu n'kuwatsatira.

Alangizi ataona minda yoyamba anavula chisoti chawo cha njinga, n'kuchivalanso.

"Anthu inu, makuponi aja munatani nawo? Munagulitsa?"

"Ayi, alangizi, feteleza alipo. Timadikira inu."

"Kudikira ine? Ine ndimathira?"

Wina anafotokoza. Alangizi anagwira pakamwa. Lamulo loti wa munda wobiriwira asalandire iwo anali asanalimvepo. Anangouzidwa kuti ntchito ya chakudya tsopano ndi yawo, pamwamba pa ya makuponi, popanda mafuta owonjezera a njinga. Ndipo lero abwera ndi abwana awo ndi mlendo kudzaonetsa mmene makuponi athandizira. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo. Ndinazindikira kuti nawonso akuopa, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri, chifukwa munthu wamantha amagwira chilichonse chili pafupi.

Chimene chinali pafupi ndi munda wathu.

"Uwo! Uwo ndi wa ndani?" anafunsa alangizi.

Mitu yonse inatembenukira kwa ababa.

Alangizi anawakokera pakati pa chimanga. Mlendo uja anatulutsa kamera. Anawauza kuti agwire tsamba, amwetulire. Ababa anagwira tsamba ngati akugwira njoka, mano ali panja, maso akufuna pothawira. Mayi wa ku ofesi anawagwira dzanja, anati uyu ndiye mlimi, enanu muphunzire. Anthu a pamudzi anaima m'mphepete. Ndinamva wina kumbuyo kwanga akuti, "Mwaona? Ankadziwa."

Kenako mayi uja anatisonkhanitsa pansi pa mtengo. Analankhula mwaulemu, sindingawanamizire. Anati chakudya chibwera sabata yamawa, koma chachepa, chifukwa madera ena awonjezeredwa. Mabanja ena atsala. Ayambira kusiya amene akuoneka kuti ali ndi pogwira.

Amayi anadutsa pakati pa anthu ndi mwana kumsana. Anamumasula, anamukweza.

"Amayi, taonani mkonowu. Anzanu aja anauyeza."

Mayi uja anayang'ana mwanayo nthawi yaitali. Anafunsa alangizi ngati ali ndi kalamba koyezera. Alangizi anati kalamba kanatsala ku ofesi inayo, iwo anapatsidwa makiyi okha.

"Mayi, mwanayu mupite naye kuchipatala ku boma. Za ana tamva kuti zikhala za achipatala. Ife tapatsidwa za mabanja."

"Achipatala anatiuza kuti ufa uli kwa inu."

Mayi uja anatulutsa cholembera. Analemba kenakake, analowa m'galimoto.

Madzulo a tsiku lomwelo mudzi wonse unali m'minda, kuthira feteleza mothamanga, ena akutukwana, chimanga chitayamba kale kumasula. Ababa anakhala m'chigafa okha. Thumba lawo sanaligwire. Ankati akathira pamwamba pa zimene sakuzidziwa, anthu adzati chiyani.

Sabata imeneyo sindinadye bwino ngakhale gagayo. Kalongo kanga kanasiya kulira. Kankangokhala pamkeka, kuyang'ana nkhuku. Ndinkakanyamula, kopepuka kumtunda, kolemera kumapazi. Ndinkakauza nthabwala zanga zonse, za mbuzi ya duku, za nsapato pa belu. Sikankaseka. Munthu amene sanalerepo mwana wosiya kulira asandiuze za mantha.

Lole inabwera. Tinapita tonse pabwalo la pulayimale, ngakhale tinkadziwa. Anaitana maina, anthu ankadzuka, ankasenza. Amayi aakulu anaitanidwa. Oyandikana nafe mbali zonse anaitanidwa. Lole inatsekedwa. Amayi anapinda thumba lopanda kanthu limene anabwera nalo, analiika pamutu ngati nkhata.

Komatu kwathu kuli mwambo umene a ofesi saudziwa, kapena amaudziwa n'kuyang'ana kumbali. Galimoto ikangopita, amene alandira amapita ndi matumba awo pabwalo la amayi aakulu. Pamenepo aliyense amatapa mbale, n'kuthira pamphasa, ndipo muluwo umagawidwa kwa amene sanaitanidwe. Ife tinkatapa miyezi yonse ija. Tsiku limeneli tinali mbali inayo, pamodzi ndi mabanja ena angapo. Amayi anakhala kumapeto kwa mzere.

Amayi aakulu anagawa, anagawa, atafika pa amayi anaika mbale pansi.

"Iwe ndiwe mng'ono wanga, sindingakukane. Koma chimangachi si changa ndekha. Anthu akuti sathirira nyumba ya munthu amene wawaphera minda."

"Akulu, mwanayu waphera ndani munda?"

"Ndikumuona mwanayo. Usandionetse ngati ndilibe maso. Koma amuna akowo anene kaye. Ngati anathira mobisa, anene. Ngati pali china, anenenso."

"Akadye chithunzi chija!" anafuula mayi wina kumbuyo. Ena anaseka, koma kuseka kouma.

Ndinatsegula pakamwa. Ndikulumbira, ndinatsegula. Mawu anakana kutuluka. Ndikulimbana nawo, ndinamva kulira kwa wilibala. Ababa ankabwera, akukankha thumba lija, malaya atanyowa. Analigwetsa pakati pa bwalo, pafupi ndi mphasa.

"Alamu, nali thumba. Theka lanu munatenga, theka langa ndi ili. Onani msoko. Ndinasoka pamaso pa amuna awa. Mpeni uli kuti?"

Sindinawaonepo ababa atalimba chonchija. Anali ndi chilungamo chonse cha dziko lapansi m'manja mwawo. Anthu anayandikira. Ine ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda nkhokwe ya amayi aakulu. Ndinaganiza kuti akatsegula n'kupeza mchenga, aja a mawu otsitsa adzati feteleza wasanduka, ndiye zathera pomwepo, tisamuka usiku womwewo.

Anadula msoko. Anagwira thumba kumatako, analikweza.

Mchenga unakhuthuka, waa, wofiirira, wa kumtsinje. Mayi wina anakuwa. Amene anali kutsogolo analumphira m'mbuyo, wina anayamba kutchula dzina la Ambuye. Ababa anaima ndi thumba m'manja, kukamwa kuli yasa. Analigwedezanso, ngati feteleza abisala pansi. Ndiye kunagwa kanthu kakuda, kopindika, kanagubuduka pamulu wa mchenga n'kuima pafupi ndi mapazi a amayi aakulu. Palibe ankafuna kukagwira. Amayi aakulu anatola kamtengo, anakatembenuza, anakatembenuzanso. Kanthuko kanadzitambasula pang'onopang'ono.

"Alamu," anatero, "ichi si chipewa chanu cha ku okushoni?"

Kenako mitu inayamba kutembenuka, umodziumodzi, osati kwa ababa. Amayi aakulu ndiwo anali omaliza kundipeza.

"Iwe. Iwe galu iwe. Bwera kuno."

Woyamba kuseka anali mayi uja anafuula za chithunzi. Anagwa pathumba lake, akumenya pansi. Kenako bwalo lonse. Amuna amene anasiya kutipatsa moni ankagwirana mapewa. "Mfiti yake ndi imeneyi! Ya yunifolomu!" "Alamu, mwalondera mchenga mwezi wathunthu!" "Mukanathira, mwina mukanakolola njerwa!" Wina anatola chipewa, anachikung'untha, anawaveka ababa, mchenga ukutsikira m'makutu. Ababa sanachivule. Ankangondiyang'ana.

Amayi aakulu anandigwira khutu, anandizungulitsa bwalo.

"Unathira wekha? Munda wonse?"

"Eya, amayi."

"Nanga wanga unausiyiranji?"

"Feteleza wanu munagonera, amayi. Ndikanalowa bwanji kunsi kwa bedi?"

Anandimenya khofi, koma akuseka. Khutu linatupa masiku angapo. Ndinalipira mosangalala.

Si onse anaseka. Bambo wina anati kaya ndi mwana kaya ndi ndani, amene anatiuza tidikire ndi mkamwini yemweyu, ndipo minda yathu yachedwa. Zimenezo zinali zoona, ndipo palibe anamutsutsa. Anamanga thumba lake n'kuchoka osatapa. Ena awiri anamutsatira. Amayi aakulu anawayang'ana akupita, kenako anatola mbale ija.

"Tsegula thumba," anauza amayi. "Koma mumve nonse. Chimanga cha munda uwo chipsa choyamba. Chikapsa, ana a mudzi uno akakazinga m'menemo. Alamu, mwamva?"

"Ndamva, alamu."

Anathira. Sichinali chochuluka ngati cha lole, chinafika cha m'mawondo mwa thumba. Kenako amayi aakulu analowa m'nyumba, anatuluka ndi paketi yawo ya ufa wa soya, imene analandirira mdzukulu wawo, anaing'amba, anagawa pakati. Amayi sanathokoze. Anangonyamuka, pafupifupi kuthamanga, kukasonkha moto.

Ine anandisenzetsa chimanga. Ababa ankakankha wilibala yopanda kanthu patsogolo panga. Ndinkayenda motalikirako, ndikuyeza kutalika kwa mkono wawo. Titafika pamphambano anaima. Sanatembenuke.

"Unkathira ndi chiyani?"

"Kachitsekerero ka botolo, ababa."

"Kodzaza kapena kosefukira?"

"Kodzaza."

"Pafupi ndi phesi?"

"Motalikira chikhatho."

Ndinadikira ndodo, kapena mawu oposa ndodo.

"Mizere iwiri ya kufupi ndi njira unailumpha," anatero. "Ikuoneka."

"Feteleza anatha, ababa."

"Ukanachepetsa kumtunda."

Anakankha wilibala, tinapitirira.

Kunyumba tinapeza amayi atakhala pakhonde, mwana ali pamiyendo, kapu ya phala ili pambali. Ankauzira sipuni. Kalongo kanga kanatembenuza mutu, kanakana. Amayi anadikira, anayesanso. Kanakananso. Ndinatula thumba osalimva kuti latsika. Ababa anaima ndi wilibala pakati pa bwalo. Kachitatu kanatsegula pakamwa pang'ono, kanameza, kanakhala ngati kakuganiza. Amayi atachedwa ndi sipuni yotsatira, kanakwinya nkhope n'kulira, kulira kwenikweni, kwaukali, kogwedeza miyendo. Amayi anaseka misozi ili m'masaya.

M'mawa mwake anapita nako ku boma pa kabaza, ndipo anakagonekedwa masiku angapo. Kanachira. Lero kamathamangitsa mbuzi ndipo kayamba kale kubisa nsapato za anthu, ngakhale kamabisa malo osavuta.

Aphunzitsi athu a Chichewa atatiuza kuti tilembe chinthu chimene tinachita n'kumva nacho chisoni, ine ndinalemba za mayeso a masamu. Za feteleza sindingalembe pamenepo. Mantha ndinamva, okwanira moyo wonse, koma chisoni ayi. Chimanga chija ana a mudzi anachidya chachiwisi mpaka ababa ankangoima m'mphepete kuwerenga mapesi opanda kanthu, ndipo ine ndinali nawo pakati pa anawo, ndikusankha zisononkho zikuluzikulu.